Medson, Telala Wotsinzina

Amene munakhalako ku Scarborough, dera la mumzinda wa Toronto, m'zaka za m'ma 1970 mukumkumbukira Medson, telala wogontha uja amene ankatsinzina munthu akamamlankhula, n'kumapenya anthu akamapemphera. Analibe mnzake, ndipo sankamfuna. Ukamkuwira kukhutu, ankatseka maso n'kupinda manja mpaka utatopa. Wofuna naye nkhani aphunzire chinenero chamanja, apo ayi alembe m'kabuku kake.

Mdani wake wamkulu anali a Overtone, mkulu wa kagulu ka Amalawi ndi Azambia kamene kankapemphera m'chipinda chapansi pa tchalitchi china. Tsiku loyamba a Overtone anamkuwira moni mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Medson anatsinzina, kenako analemba kuti: "Mawu sanafike. Fungo la anyezi lafika."

Choipitsitsa chinali nthawi ya pemphero. Onse atatsinzina, iye ali maso gwa, kuona amene akusinza ndi amene dzanja likuyendera mbale ya mandasi. Aliyense ankampatsa dzina lamanja malinga ndi chimene wamgwira nacho. A Overtone ankamasula lamba mobisa pemphero likatalika, choncho dzina lawo linali dzanja lokoka lamba pamimba. Ana analiphunzira tsiku lomwelo. A Overtone analumbira kuti munthu ameneyo sadzaponda pakhomo pawo.

Komatu iwo anali ndi mwana wogontha, Vainess. Kusukulu kwake ana ankawauza kuti azikhalira manja awo, kuti aphunzire kulankhula ndi pakamwa. A Overtone anaika lamulo lomwelo kunyumba, ati mwana wawo asamakupize manja ngati wothamangitsa ntchentche. Panapita zaka ziwiri mwanayo alibe liwu ndi limodzi lomwe. Akafuna madzi ankangomenya tebulo.

Pa Khirisimasi ya 1975, m'chipinda chapansi chija, akazi awo, a Zelipa, anawabweretsera jekete yochokera kokonzetsa batani. A Overtone anaivala mothamanga poimirira kuti alankhule. Manja sanatulukire, mikono yonse iwiri inali yosokedwa kumapeto, ulusi wake wolimba ngati wa thumba la chimanga. Munthu wozolowera kuloza anthu chala anangoima ngati nkhuku yonyowa, mawu osatuluka.

"Mai a Vainess, jeketeyi munapereka kwa ndani?"

"Kwa telala."

"Telala wake uti?"

"Toronto yonseyi tili nawo angati?"

Medson anadzuka mosafulumira, n'kuwaika kabuku pamphuno: "Mphindi zisanu mwatopa kale. Mwana wanu zaka ziwiri."

A Overtone anamutchula mfiti, iye n'kutsinzina. Miyezi inayi sanayang'anane. Chimene bambowo sankadziwa n'chakuti Loweruka lililonse a Zelipa ponena kuti akupita kokagula zinthu, ankakwera basi ndi mwana kupita kufulati kwa Medson.

Tsiku lina a Overtone akuwerenga nyuzipepala, Vainess anawagwira bondo, anawayang'ana m'maso, n'kukoka lamba wosaoneka pamimba pake. A Overtone anadzambatuka, ati chipongwe cha telala chalowa m'nyumba.

"Khalani pansi, bambo a Vainess," anatero a Zelipa. "Akukuitanani. Mwadikira zaka zisanu ndi zitatu, chibadwire chake."

Anakhala pansi. Mwanayo anakokanso lamba, kenako anapanga chizindikiro china chimene iwo sanachidziwe. Anachita kufunsa akazi awo. Ankapempha kuti amunyamule.

Musaganize kuti anthu awiriwa anayanjana. Chaka chotsatira ogontha a mumzindamo atapita kusukulu ija kukaumirira kuti manja aloledwe m'kalasi, a Overtone anapita nawo, koma m'basi anakhala kutsogolo, Medson kumbuyo. Akayesa kulankhula ndi manja, Medson ankawauza kuti zala zawo zili ngati chinangwa, n'kutsinzina.

Medson anamwalira m'nyengo yozizira ya 1979, atakhala pamakina ake osokera. Pamaliro a Overtone anaimirira kuti apemphere, koma Vainess anawakoka jekete, n'kupita kutsogolo iyeyo. Anapemphera ndi manja, ndipo palibe anatsinzina.

M'chipinda chapansi chija masiku amenewo mandasi anayamba kutha pemphero lisanathe, popeza panalibenso wowalondera. A Overtone okha, pemphero likatalika, ankafikitsa dzanja pa lamba, n'kutsegula diso limodzi kuyang'ana mpando wapakona umene Medson ankakhalapo. Kenako ankamusiya lambayo womanga.