Kufunsa Pawindo Kapena Kulengeza?

Lolemba
Kodi kompyuta izifunsa, kapena izingomva? Bwana manejala andisenzetsa funso limeneli, yankho Loweruka. Pulogalamu yatsopano ya fakitale ya tiyi ingamangidwe m'njira ziwiri:
1. Ya pawindo: ofesi iliyonse ndi ntchito yake, wofuna kanthu akapemphe.
2. Yolengeza: kanthu kakachitika kalengezedwe, amene kakumukhudza anyamuke yekha.
Ndikasankha bwino, mpando wa m'chipinda cha kompyuta ndi wanga. Ndikalakwa, ndibwerera kusikelo, kukayeza masamba pamvula. Ndiyesa kaye pa anthu.

Lachiwiri
Njira ya pawindo. Thirakitala yafika ndi masamba, ndikuthamangira kwa a Namaona a kuboila kukapempha moto woumitsira masambawo. Moni kaye. Kunyumba, ana, chimanga cha ku Khonjeni, bondo la apongozi. Abale inu! Masamba akutentha m'ngolo. Kodi makompyuta nawonso amalonjerana? Ndifufuze.

Lachitatu
Njira yolengeza. Ndakhoma bolodi pakhonde, ndalemba ndi choko: "Masamba afika." Onse awerenga, onse agwedeza mutu, palibe wasuntha. A Namaona: "Bolodi silinanditchule dzina, achimwene. Ndine mwana ine?" Zodabwitsa. Uthenga wa onse ulibe mwini.

Lachinayi
Bolodi latchuka! Zolembedwa lero, osati ndi ine:
- mbuzi yasowa ku Khwethemule
- kwaya Lachisanu
- nthochi zotchipa
- "kalaliki wa kompyuta akufunsira Esinala wa kukantini"
Adziwa bwanji? Ndinangomunyamulira ndowa kamodzi kokha! "Masamba afika" afufuta kuti nthochi zikwane.

Lachisanu
Ndaphatikiza zonse ziwiri. Ndikulemba pabolodi, kenako windo ndi windo kukawauza kuti ndalemba. Ndiye kuti pulogalamuyo ndine! Miyendo yatupa. Ngolo imodzi yaiwalika padzuwa, masamba afiira. Bwana aima, awanunkhiza, achoka.

Loweruka
Yankho ndapereka: "Kulengeza sikungagwire pa esiteti ino, bwana. Tisankhe windo." Iwo: "Tikuuzani." Ndapita katatu pawindo la ofesi kukafunsa za mpando wanga. "Mubwere Lolemba."

Lamulungu
Kutchalitchi. Ndisanakhale n'komwe, Esinala akundipatsa jekete la mvula: "Pepani, kusikelo kumanyowa." A Namaona akundigwira dzanja ngati pamaliro. Kwaya yonse ikudziwa kuti mpando uja sindinaupeze, ngakhale wa nthochi uja. Akuti mayi wokolopa mu ofesi ya bwana anangouza munthu mmodzi dzulo. Popanda bolodi, popanda waya, ndipo aliyense wachita mbali yake osapemphedwa. Ine ndekha, wofunsa pawindo, ndi amene sindinamve.

Ndiye kulengeza kumagwira. Ndinapereka yankho lolakwa, ndipo zikundiwawa.

Jekete ndi lalikulu pang'ono, koma ndivala. Mawa sikisi koloko, kusikelo.