Ada Kamanga ndi Makompyuta Osalira

Ku Chintheche konse kuno, munthu amene ankakonza kompyuta ndi khutu anali mmodzi yekha: malemu ada Bizwick Kamanga. Ukawapititsira laputopu, sankayang'ana n'komwe zimene yalemba. Ankaiyatsa, n'kugunditsapo khutu, kenako n'kukuyang'ana ngati wawaponda chala.

"Mumaimenya iyi, ama?"

"Ayi, ada."

"Bodza. Yandiuza."

Ine ndine Selina, ndimalandira alendo pa loji ina ku Kande, ndipo bambowa ananditukwana zaka zisanu ndi ziwiri. Ankanyoza aliyense. Aphunzitsi ankati ali ndi zala za chinangwa. Ife a m'maloji ankati timangodziwa kumwetulira. Koma chimene ankadana nacho kuposa anthu chinali SSD, kachipangizo kosungira zinthu m'kompyuta kamene kanabwera kudzalowa m'malo mwa hadi disiki. Hadi disiki ili ndi kambale kozungulira mkati, imang'ung'udza ikamagwira ntchito. SSD ilibe choyenda chilichonse, ili duu.

Tsiku limene ndinawasonyeza koyamba, anakagwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, n'kukagwedeza pafupi ndi khutu.

"Akuberani. Mulibe kanthu umu."

"Akuti n'kachangu, ada, ndiponso sikafa kakagwa."

"Bisiketi imeneyi? Kaviikeni mu tiyi."

Ndinapita nayo ku Mzuzu laputopu yanga, anandiikira SSD konko. Nditabwerako ndinawayesa dala. Anagunditsa khutu, anadikira, anatembenuza khutu linalo. Kenako anavula chipewa.

"Pepani, ama. Yatisiya."

"Koma ada, onani, yayaka! Ikugwira ntchito!"

"Nkhuku ukaidula mutu imathamanganso."

Chinawatsitsa ndi nkhani ya mpingo. Mayina onse a obatizidwa ndi a maukwati, kuyambira nthawi ya makolo, anali atawalembetsa m'kompyuta, chifukwa mabuku akale anadyedwa ndi chiswe. Mlembi wa mpingo, a Maxwell Chirwa, anawapempha kangapo kuti asamutsire zonsezo mu SSD. Iwo anakana, amvekere mayina a Akhristu sangagone m'bisiketi. Ndiye tsiku lina ada Kamanga anamangirira kompyutayo panjinga, ulendo wa ku Tukombo kumene a Chirwa ankaidikira, msewu wa mabampu okhaokha. Pofika, hadi disiki inayamba kulira kuti khe, khe, khe.

"Ikutsokomola chabe," anatero, koma thukuta lili kamukamu.

A Chirwa anangokhala pansi. Sabata lomwelo kunali ukwati, ndipo umboni woti mkwati anabatizidwa unali momwemo.

Ada Kamanga anachotsa hadi disiki, anaikulunga m'jumbo, n'kulunjika kwa mayi Belita, ogulitsa nsomba, amene anali ndi filiji yaikulu.

"Sunthani batala wanu, ama. Ndabwera ndi wodwala."

"Chitsulo m'nsomba zanga? Mwapenga?"

"Nsomba zanu zinafa kale. Uyu akadali ndi moyo."

Inakhala mmenemo tsiku lonse pakati pa batala ndi usipa. Ataitulutsa ikununkha, anailumikiza, ndipo kaya ndi kuzizirako kaya ndi mapemphero a a Chirwa, inazungulira. Koma mayinawo akanawathira kuti? Panalibe china koma laputopu yanga. Ndinafika nayo ndikuyenda ngati mkwatibwi. Dzina lomaliza litangowoloka, hadi disiki inati khe, basi.

Ndinkadikira kuti apepese. Iwo anapukuta manja.

"Mwaona ulemu? Yadikira kaye mpaka ntchito ithe. Chanucho chikadzafa sichidzatsanzika."

Mpaka kumwalira kwawo chaka chatha, sanaikepo SSD m'kompyuta ya munthu. Anthu anasiya kupita kwa iwo, nawonso ankati bola, zitsiru zachepa pakhomo.

Maliro atatha, mlongo wawo Agness anapeza makatoni atatu pansi pa bedi, odzaza mahadi disiki akufa. Iliyonse inali yokulungidwa m'kansalu, ndi kapepala kolembedwa dzina la mwini wake. Sankataya, akuti muli makalata ndi zithunzi za anthu, ndipo za anthu sizitayidwa kudzala. Agness anayenda nyumba ndi nyumba kubweza. Yanga inalembedwa kuti: "Selina wa ku Kande. Wamakani. Musunge, muli mayi ake." Zinali zithunzi za malemu mayi anga, zimene ndinawalirira kalekale hadi disikiyo itafa, iwo n'kundikalipira kuti ndisawanyowetsere tebulo.

M'kachipinda kawo kokonzera makompyuta muja tsopano mumametedwa tsitsi. Kompyuta ikavuta timakwera minibasi mpaka ku Mzuzu, kumene amatilandira ndi mpando, n'kutikonzera msangamsanga, n'kutithokoza kuti yewu, mudzabwerenso. Munthu umabwerera kunyumba wopanda wokutukwana ngakhale mmodzi, ndipo ukatsika pa Chintheche umasowa nkhani yoti ukafotokozere anzako.