Usiku Umene Ndinavala Mankhusu a Mpunga

Amene akuti ndikunama aimirire ndimuone nkhope. Inu anyamata a kabaza, kamphepo ka mu Juni kakangoomba mwavala kale majekete awiriawiri, chonsecho kuzizira kwenikweni simunakumane nako. Ine ndinakumana nako maso ndi maso, ndipo kunandipatsa ulemu.

Anali masiku a chipani chimodzi, ine ndikulima mpunga ku sikimu ya Wovwe. Mkazi wanga NyaMhango anali ndi pakati poyamba, ndipo mwa mwambo wathu anakwera kwa amayi ake kumtunda, m'mphepete mwa Nyika, kuti akachilire kumeneko. Tsiku lina dzuwa litapendeka anatulukira mlamu wanga Yotamu, milomo ili gwa, nati, "Mulamu, vyasuzga. Mwana wakukana kufuma." Matenda anali atayamba dzulo lake, mwana osatuluka, mayi mphamvu zikutha. Ndinachita mantha, sindibisa. Galimoto kunalibe, choncho alimi anzanga anatulutsa njinga zawo kuti tiperekeze anamwino athu, Mayi Phiri a ku Dedza, mayi wamfupi wosaseka wamba.

Tsono ife a kunyanja tinabadwira m'thukuta, juzi tinkangoliona pa aphunzitsi ochokera kumwera. Anzanga anafika ndi malaya a manja aafupi ngati akupita kumpira. Mayi Phiri anatiyang'ana mmodzimmodzi nati, "Abambo inu, mukufuna ndikasamale mayi mmodzi kapena maliro anu nonse? Kavaleni chilichonse." Iwo anali atavala buluku la amuna awo mkati mwa chitenje, pomwe masiku amenewo mkazi kuvala buluku unali mlandu woti ukagona kupolisi.

Ena anakafunda mabulangete, ena mphasa. Ine nzeru zinandibwerera pamtondo. Ndinatenga masaka awiri, kuboola pamutu ndi pamanja, kuvala onse, kumanga m'chiuno ndi mphira wa chubu, kenako Yotamu anathira mankhusu a mpunga pakati pake mpaka m'khosi, m'buluku namonso anathira n'kumanga m'akakolo ndi luzi, m'masokosi anathira, m'chipewa anathira, moti nditatuluka panja galu wanga anandiuwa, nkhuku zinatsika pamtengo n'kuyamba kundijompha miyendo. Mukumva?

Tinanyamuka mdima utagwa, njinga yanga ili patsogolo. Titayamba chikweza, mphepo inatsika phiri ngati yatumidwa, ndipo kunazizira mwakuti kuwala kwa nyale ya njinga kunauma n'kukhala ndodo yaitali imene tinkagwetsera nthambi za m'njira, tcheni cha Yotamu chinafupika mpaka mateyala awiri anagundana, iye mwini mano ake ankagogoda mokweza moti midzi ya m'njira inadzuka n'kuyamba kuvina malipenga poganiza kuti ng'oma yalira, ndipo mnzathu wina atalavula, malovu aja anagwa ngati mwala n'kuboola teyala la amene anali kumbuyo kwake. Ndikulumbira, munthuyo anafika pamwamba akuyendera limu.

Koma ine? Ndinali mbaula. Mankhusu anasunga kutentha konse, thukuta likuyenderera mkati, ndipo timbewu tampunga totsalira tinamera, tinatulukira m'khosi, tinabereka ngala, moti pofika pakati pa phiri mpheta zinali zitadzuka usiku kumanditsatira. Anzanga akauma zala ankabwera kudzaziwotha pamsana panga, mmodzi anawotcherapo chinangwa.

Pamphambano tinapeza anyamata a chipani atatchinga msewu ndi mtengo, akufuna makhadi. Mkulu wawo anaona buluku likusuzumira pansi pa chitenje cha Mayi Phiri, nayamba kutukula chala kuti aloze. Apa ndinaona kuti zavuta, chifukwa akanawatsekera, NyaMhango akanafa ndi mwana m'mimba. Koma chala chija chinaumira m'malere, pakamwa pali yasa. Ndinamukumbatira mnyamatayo mpaka anasungunuka, anzake nawonso anandiunjirira ngati anapiye, ndipo atafundidwa anachotsa okha mtengo uja. Za buluku palibe anazikumbukanso.

Tinafika tambala asanalire. Mayi Phiri analowa m'nyumba ndi chikwama chawo, ine ndinatsala pakhomo monga mwamuna ayenera, kumvetsera mkazi wanga akubuula. Kenako kunangoti zii. Ndinadikira kulira kwa mwana, osamveka. Moto wa m'nyumbamo unali utazizira, malawi ataima chilili osatentha kanthu.

Chitseko chinatseguka. "Bambo a mwana ali kuti? Bwerani kuno msanga," anaitana Mayi Phiri.

Apongozi anga anatchinga pakhomo. "Yayi, mama, mwanalume wangakhwaska yayi mwana wa sono." Kwathu bambo sakhudza khanda longobadwa kumene.

"Amayi, mwambo tikambirana mwana akalira," anatero Mayi Phiri. Anang'amba saka langa ndi lumo, n'kulowetsa kamwana kozizira ngati nsomba pachifuwa panga penipeni, n'kutseka. Ndinaima osapuma. Ndinamva kakugwedeza mwendo, kenako kanayetsemula mankhusu, kenako kanalira kulira kumene kunasungunula moto uja n'kuyambanso kuthetheka. Mkatimo NyaMhango anafunsa ndi mawu otopa ngati ali wamkazi kapena wamwamuna. Ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana, apongozi akuona, ndipo sindinachite manyazi. Mtima unakhala m'malo tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga.

Mwanayo ndi uyo akugulitsa mandasi patsidyapo, mayi wa ana ake tsopano. Mukamufunsa akuuzani zimene Mayi Phiri ankafalitsa, zoti mankhusu anandiumitsa miyendo osatha kupinda bondo, ndiye anandimangirira pakaliyala ngati thumba la mpunga, iwo n'kupalasa njinga yanga phiri lonse ndi buluku lawo lija. Chabwino, anapalasa ndiwo, nanga ndakana? Ndinati njinga yanga inali patsogolo, sindinati ndinkapalasa ndine. Koma mbaula sipalasa njinga, ana inu, imanyamulidwa. Pitani mukamufunse mayiyo kuti kulira kwake koyamba analirira pachifuwa pa ndani.