Tsiku limene ana anga anafufuza tambala

Mpaka lero ndikamadutsa pa msika wa Kabwata pali ana amene amandilonjera mwaulemu, manja kumbuyo, koma ndikangowapitirira wina amalira ngati tambala. Sindicheuka. Dzenjeli ndinadzikumbira ndekha, ndipo khasu lake ndinachita kukalitenga ku wekishopu.

Chaka chimenecho ndinali mphunzitsi wa giredi 3, wongoyamba kumene, wosatsimikizidwa pantchito. Kalata yonditsimikiza inkadikira zinthu ziwiri: lipoti la woyendera sukulu ndi siginecha ya a hedi athu, mayi amene ankaseka kamodzi pa temu. Sukulu yathu itapatsidwa matabuleti asanu ndi pulojekita, anatumiza ine ku wekishopu ku Kabulonga kuti ndikaphunzire kagwiritsidwe kake (aphunzitsi akuluakulu ankaopa kuti akakhudza galasi awononga). Kumeneko anatiuza kuti zolemba mawu pabolodi n'kumakuwitsa ana zinatha. Mwana azipita yekha kukajambula chinthu, abwere nacho m'kalasi, anzake amufunse mafunso atatu: n'chiyani ichi, chimapezeka kuti, wadziwa bwanji. Lamulo lalikulu linali lakuti mphunzitsi asapereke yankho, ndiponso asadule mwana pakamwa.

Njirayi ndinaikonda mopitirira muyeso. Patangotha mwezi, ana anga sankakhulupiriranso chilichonse chopanda umboni. Ukawauza kuti belu lalira, ankakufunsa kuti wadziwa bwanji, ine n'kumanyadira.

Woyendera sukulu anati abwera Lolemba. Lachinayi ndinagawa matabuleti kwa atsogoleri a magulu kuti akajambule nyama ndi mbalame zimene angaone kwawo. Madzulo a tsiku lomwelo mlamu wanga anandigogodera. Ndinkakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yake ku Chelstone, choncho mawu ake anali lamulo. Anati mawa akutsegula shopu ya zakudya za nkhuku ku Kamwala, ndipo munthu amene anayenera kuvala chovala cha tambala n'kumavina pakhomo wathawa. Msinkhu wa chovalacho unali wanga ndendende.

Ndikanatha kukana, koma ndinaganiza za katundu wanga ali panja. M'mawa mwake ndinaimbira a hedi ndi mawu onjenjemera, kuwauza kuti amalume atisiya ku Makeni. (Amalumewo alipo, ndi athanzi, amadya kuposa ine.) Ndinavina tsiku lonse m'kati mwa nthenga, thukuta lili kamukamu, mtima uli m'malo poti nkhope sinkaoneka. Vuto linali limodzi lokha: mapazi a chovalacho anali atasowa, ndiye ndinavina ndi nsapato zanga za kuntchito, zofiirira, imodzi yomangidwa ndi waya wofiira wa magetsi chifukwa chingwe chake chinaduka kalekale.

Tsoka silinunkha. Lolemba ana anabweza matabuleti woyendera sukulu ali kale mu ofesi, ndipo sindinayang'ane chithunzi ngakhale chimodzi. Woyenderayo analowa m'kalasi ndi a hedi, n'kukhala kumbuyo. A hedi anamunong'oneza, mokweza ndithu, kuti mphunzitsiyu ndi wofedwa koma wabwerabe. Woyenderayo, amenenso anali mayi, anandiyang'ana mwachisoni n'kulemba kanthu m'buku lake, ine ndinaweramitsa mutu monga amachitira anamfedwa.

Poyamba zinayenda bwino. Gulu loyamba linaonetsa galu, tinapeza mawu akuti mchira ndi ubweya. Lachiwiri linaonetsa khoswe wakufa m'ngalande, tinaphunzirapo ndevu ndi fungo. Kenako inafika nthawi ya gulu la Bwalya, kamtsikana kamene kakaweruka kankapita kukakhala ndi amayi ake ogulitsa zitenje. Ndinali nditaiwala kuti zitenjezo amagulitsira ku Kamwala.

Pakhoma panatulukira tambala wamkulu ngati chitseko, mwendo umodzi uli m'mwamba. Ana anafunsa funso loyamba, yankho linali tambala. Ndinalemba msangamsanga pabolodi mawu akuti nthenga, mapiko, mlomo, n'kunena kuti tathokoza, gulu lotsatira libwere. Koma dzanja la Mabvuto, mwana wa pabenchi yakutsogolo, linali kale m'mwamba.

"Ba Ticha, manje tambala avala nsapato?"

Ndinati nthawi yatha. Woyendera sukulu anakweza cholembera chake. "Basiyeni bana bafufuze, ba Ticha. Ndiye vamene nabwelela."

Ndinawasiya. Bwalya anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, monga ndinamuphunzitsira ndekha, mpaka khoma lonse linadzaza ndi nsapato yofiirira ya waya wofiira. Ine ndinayamba kusunthira kuseri kwa tebulo pang'onopang'ono, koma tebulo la m'kalasi mwathu linalibe thabwa lakutsogolo. Ana anagawanika pawiri. Ena ankati ndi tambala wa ku South Africa, kumeneko zonse n'zotheka. Ena ankati ndi munthu, chifukwa paphiko pankaoneka wotchi. Ndinalowetsa dzanja m'thumba. Mayi uja ankangolemba, nkhope ili ngwee, akugwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi.

Kenako Mabvuto anagwetsa pensulo, n'kuwerama kuti aitole. Anakhalitsa pansipo. Atadzuka anayang'ana khoma, anayang'ana pansi pa tebulo, n'kuimirira.

"Ni ba Ticha."

Kalasi yonse, ana makumi asanu ndi mphambu, inayankha pamodzi monga ndinaizoloweretsera: "Waziba bwanji?"

Mwanayo anangoloza phazi langa. Ndinayesa kunena kuti nsapato zofanana n'zambiri mu Lusaka muno, koma Bwalya anati umboni wina ulipo, n'kusuntha chala. Chithunzi chotsatira chinaonetsa tambala yemweyo atakhala pathumba la chakudya cha nkhuku, mutu wake ataukhazika pabondo, akumwa maheu. Nkhope inali yanga, yonyowa, yosangalala. Atafunsidwa kuti chinthuchi chimapezeka kuti, Bwalya anayankha momveka bwino kuti ku Kamwala, Lachisanu masana. Anawonjezera kuti sanandilonjere chifukwa ndinawaphunzitsa kuti pojambula mbalame usaidzidzimutse.

Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire, ndinalakalaka magetsi atazima, koma tsiku limenelo lokha sanazime. Kamtsikana kena kanafunsa kuti munthu amene amati ali kumaliro koma ali tambala amatchedwa chiyani. Malinga ndi lamulo, sindikanapereka yankho. A hedi anati mawu amenewo ndi a giredi 7.

Woyendera sukulu anatuluka akupukuta misozi ndi kansalu. Mu lipoti lake analemba kuti sanaonepo ana ofufuza chonchi, opanda mantha ngakhale pamaso pa mphunzitsi wawo. Inatsala siginecha ya a hedi. Anandiitanira mu ofesi, kalata ili patebulo, cholembera chili chotseka.

"Aphunzitsi, maliro anayenda bwanji?"

Ndinaulula zonse, za mlamu, za kanyumba, za amalume amoyo. Anandimvetsera osaphethira, kenako anafunsa ngati chovalacho chikadalipo. Anasaina, koma kuyambira chaka chimenecho, tsiku lililonse la makolo pasukulu pathu pamakhala tambala wolandira alendo pageti, ndipo palibe kholo limene limafunsa kuti m'katimo muli ndani.

Anzanga amati ndinaphunzirapo kuti bodza silikhalitsa, ndipo ndimavomera. Koma mwezi watha mlamu anatsegula shopu yachiwiri ku Chunga, tsiku lake Lachitatu. Azakhali anadwala mwakayakaya tsiku limenelo, ndipo tambala anavina atavala magambuti.