Ophunzira Obwereka ku Kwaya

Nkhani iyi ndimaikana ndikakhala pagulu, koma lero ndiinena, manyazi andigwire kamodzi n'kuthana nazo.

Ndinkaphunzitsa sukulu ya kwacha ku Ching'ambo mu Mzuzu, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi chathu. Poyamba anthu ankadzaza mpaka pawindo. Mvula itayamba, uyu kumunda, uyu ku kaunjika, ndinatsala ndi ophunzira anayi. Koma anali akhama, makamaka mayi Asiyatu a ku Mangochi, ogulitsa zitenje mumsika, amene anali atayamba kudziwerengera okha mameseji pafoni.

Kenako uthenga unafika: Lachinayi kukubwera supervisor wa boma, ndipo class yopanda anthu aitseka.

Ndinathamangira kwa a kwaya, ali pa practice.

"Abale, ndibwerekeni matupi anu Lachinayi. Mudzangokhala pabenchi. Koma chonde musadzaonetse sukulu yanu, mudzakhale ngati simudziwa ngakhale chilembo cha a."

"Yewo, aticha, zimenezo tisiyireni," anatero a Chirwa oimba bass, munthu wa ku Nkhata Bay amene amakonza chizungu cha abusa pakati pa ulaliki.

Mayi Asiyatu anali pakhomo kudikira phunziro, ndipo anamva zonse.

Lachinayi chipinda chinadzaza. Supervisor, mayi wamagalasi, analowa akumwetulira.

"Monire mose! Eee, attendance yabwino chomene! Tsopano tione zimene mwaphunzira miyezi yonseyi."

Ine ndinkaganiza kuti angowerenga mitu n'kumapita!

Analemba MAYI pabolodi n'kuloza a Chirwa. Bamboyo anaimirira, anasuzumira, anakanda mutu.

"Madam, imeneyo si seveni?"

Anthu a kwaya ukawapatsa sewero sadziwa polekezera. Mayi wina wa soprano anagwira buku mozondotsa, mnzake anafumbata pensulo ngati mthiko. Supervisor anasiya kumwetulira.

"Madam, yesani awa!" ndinatero, ndikuloza mayi Asiyatu, chiyembekezo changa chomaliza.

Mayiwo anayang'ana bolodi kwa nthawi, kenako anapukusa mutu mwachisoni.

"Ine, bwana, ndikungoona timizeremizere."

Atakhala pansi anandikodola n'kunong'ona: "Aphunzitsi, ndakhoza eti?"

Ndinafuna kulira. Anzawo atatu aja, poona kuti lero ndi tsiku losadziwa, nawonso anaiwala chilichonse, mpaka maina awo omwe.

Supervisor ananditengera panja.

"Bambo, musaope, class iyi sititseka. Anthu anjala ya sukulu chonchi sindinawaonepo mu Mzuzu muno."

"Yewo chomene, madam! Mulungu akudalitseni!"

"Vuto ndaona limodzi lokha basi. Sabata yamawa tiwatumizira mphunzitsi."

Ndiye mukafuna anthu okuthandizani kunama, abale, musamasankhe aluso.