Utsi Wakuda pa Ukwati wa Tiyamike

Lolemba

Loweruka lino Tiyamike akukwatiwa, ndipo wopita naye ku tchalitchi ndine, pa galimoto yanga. Ndinalonjeza pa maliro a bambo ake, achimwene anga, kuti mwanayu sadzakwera galimoto yobwereka pa ukwati wake ine ndili moyo. Wakulira m'nyumba mwanga muno mu Kabwata, ngakhale mpaka lero amangonditchula kuti ankolo.

Zochita sabata ino:
kutsukitsa galimoto,
kumeta,
kuuza alamu anga ba Chanda kuti chigalimoto chawo cha ku Kabulonga chidzakhale kumbuyo kwa yanga.

Choyambacho ndachita kale. Ndawauza otsuka magalimoto kuti apopere ndi injini yomwe, ndi paipi yawo ya madzi aukali, poti akuchimuna ndi anthu okonda kutsegula boneti za eni. Injini ikuwala, mbee! Pobwerera, kanyali kachikasu kayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Sindinakaonepo. Nkokongola ndithu.

Lachiwiri

Mayo ine! Galimoto ikunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Kumbuyo kukutuluka utsi wakuda bii. Galimoto yanga yomwe ija? Ndi yakale, inde, koma sinandichititsepo manyazi.

Pa maroboti a mu Cairo Road yazima, zii. Ma hutala mbali zonse. Kondakitala wa minibasi watulutsa mutu pa windo: "Ba mudala, muocha malasha mu motoka?" Basi yonse yaseka, mpaka mayi wina wa yunifomu ya chigwirizano cha amayi a mpingo.

Singano ya petulo ikutsika ndikuyang'ana, ndi maso angawa. Ikumwa kuposa malemu achimwene!

Lachitatu

Kabwata yense lero ndi makaniko.

Aneba a kumanja akuti ndi mapulagi. Ndasintha. Utsi uli pomwepo.
Amayi ogulitsa tomato pa geti akuti ananditsirira petulo wa madzi.
Mkulu wa mpingo akuti alipo wina amene sakuufuna ukwatiwu. Aika manja pa boneti, apemphera, boneti yawatentha.
Mkazi wanga, amake Dalitso, akuti: "Matani pulasitala pa kanyali kanu ako, muleke kukayang'ana."

Ndamata. Zoona, mtima wakhalako pansi pang'ono.

Kenaka foni ya ba Chanda. Wawauza ndani? "Mulamu, osavutika iyayi, motoka yanga ilipo, iliko na mphepo yozizila mukati." Ndawayankha kuti yanga ili bwinobwino, uku ndikuthawira kuseri kwa nyumba kuti asamve ikutsokomola.

Tiyamike wauona utsi uja pa windo. Sanaseke. Wangofunsa kuti, "Ankolo, tizayenda na yamene iyi, ai?" Ndati inde.

Lachinayi

Ndafika kwa ba Zulu, makaniko wa ku Libala, utsi ukunditsata ngati ndikusamutsa njuchi. Alumikiza kamakina pansi pa chiwongolero, kamakinako nkuyamba kulankhulana ndi galimoto. Ati galimoto yanga ili ndi kompyuta! Zaka zonsezi ndakhala ndikunyamula kompyuta pamodzi ndi matumba a makala, osadziwa?

Andionetsa wolakwa: kanthu kakuda, kochepa kuposa bokosi la machesi, kokhala ndi waya ndi kapaipi ka labala. Dzina lake sensa. Ndilembe ndisanaiwale.

Injini imakoka mpweya. Ukachotsa phazi pa moto, khomo la mpweya limatsekeka, injini nkumayamwa mwamphamvu ngati mwana pa botolo lotha. Ukaponda, khomo limatseguka, kuyamwa kuja nkuchepa. Kasensa kamamva zimenezi kudzera m'kapaipi kaja, nkumauza kompyuta kuti mpweya walowa wochuluka motere, thira petulo wolingana. Basi. Ntchito yake ndi ukazitape.

Kanga kafa. Madzi analowa polumikizira waya, ndiye kakuuza kompyuta kuti ndaponda moto mpaka pansi, ngakhale nditaima pa maroboti manja ali pa ntchafu. Kompyuta nayo, yopusa, ikukhulupirira, nkumakhuthula petulo. Wosapsa bwinoyo ndiye utsi uja.

"Nindani anasuka injini na paipi?" afunsa ba Zulu. Ndayang'ana kumwamba. Safunsa anadya phula.

Masana onse ndazungulira mashopu a masipeya m'tauni, kasensa kakufa kali m'thumba la malaya. Timasensa tonse timaoneka tofanana, koma polumikizira pake nposiyana. Aliyense akuti, "Niyamene iyi, bosi." Siyamene!

Lachisanu

Ndakapeza! Kwa munthu wina wophwasula magalimoto ku Chelstone, pansi pa mtengo wa mango. Ba Zulu akamanga, alizitsa injini. Abale inu, ikulira mofatsa ngati mphaka wokhuta. Utsi palibe. Ndamatula pulasitala, kanyali kazima kokha.

Chenjezo limodzi. Kapaipi ka labala kaja nkakale, kakamwa kake kanatanuka, ndipo katsopano sitinakapeze. Kakavuka, kasensa kazimva mpweya wa panja, nkuyambanso bodza lomwe lija. "Osagwilako, olo munthu aliyense," atero ba Zulu. Agwire ndani? Boneti sitsegulidwanso mpaka Lolemba, akuchimuna afune asafune.

Ndadzera dala ku Kabulonga, ngakhale si njira. Pa geti ya ba Chanda ndaimba hutala, osaima.

Ndameta. Ndine munthu.

Loweruka

Sindikudziwa poyambira.

M'mawa ndili kosamba, azimayi akongoletsa galimoto. Maluwa pa zitseko, mabaluni, ndi riboni yoyera yochoka pa denga, kutsika pa boneti, nkukalowa pansi pake. Yokoka bwino, njii. Ndayamikira. Sindinafunse kuti mkatimo yamangidwa pa chiyani.

Tanyamuka. Tiyamike kumbuyo m'diresi loyera, ine kutsogolo, ba Chanda pambuyo pathu atanyamula operekeza, mawindo otsegula kuti aziimba. Ma hutala, nthungululu. Ndikumva ngati achimwene akhala pambali panga.

Hampu ya ku Woodlands, tchalitchi chikuoneka apo. Gubudu! Riboni yagwedezeka. Kanyali kayaka.

Ayi. Ayi, ayi, ayi!

Utsi, anthuni! Wa Lachiwiri uja unali wa masewera. Nyimbo ya kumbuyo yasanduka chifuwa. Mabaluni ada. Galimoto yanjenjemera, yazima.

Ndathamangira kutsogolo kuti nditsegule boneti, amake Dalitso andigwira mkono: "Mukatsegula muononga riboni! Namangila bwino pa kapaipi kakang'ono, kanali pabwino maningi." Ndatsegulabe. Riboni ili lende, kapaipi palibe. Kagwera m'ngalande kapena pati, ndani akudziwa, ndipo ine ndagwada pa msewu mu suti, ndikupapasa m'fumbi.

Ba Chanda atsegula chitseko chawo, akumwetulira: "Bwela mwana, ngena muno." Ndi zoyenera. Abusa akudikira, mkwati waima pakhomo. Ndauza Tiyamike kuti atsike, lonjezo landikanika. Sindinathe kumuyang'ana.

Iye osasuntha, maluwa ali m'manja. "Sinizaseluka. Atate ananilonjeza iyi motoka. Atate, ngenani muyendese, aba bazapusha."

Atate. Anayang'ana ine.

Apusha. Operekeza aamuna m'masuti, mkulu wa mpingo uja, amake Dalitso nsapato zili m'manja, ndi ba Chanda eni ake, atavala buluku la mtundu wa mkaka. Pa geti mdyerekezi wandinong'oneza kuti ndiyeseko kiyi kamodzi, tilowe ndi ulemu. Ndayesa. Yatsokomola kamodzi kokha, phuu, pa maondo a ba Chanda penipeni.

Sindinaone bwino njira yolowera. Ndauza anthu kuti ndi utsi wandilowa m'maso.

Lamulungu

Sindinapite ku mapemphero. Amene apitako andiuza kuti kanema wathu ali pa foni iliyonse, kuyambira Kabwata mpaka Chelstone, ndipo wina waikamo nyimbo ya maliro.

Mmene zinthu zilili:
galimoto idakali pa tchalitchi, ndi mabaluni ake akuda,
ba Chanda sakuyankha foni,
amake Dalitso akuti wolakwa ndine, poti sindinawauze kuti kapaipi nkoletsedwa. Nzoona, sindinawauze.
Ba Zulu aseka mpaka foni yaduka.

Kasensa katsopano kalibe vuto, ati. Kananena zomwe kanamva. Ndi ife tinakachotsera khutu.

Tiyamike waimba kuchokera kwa apongozi ake. Diresi lada m'mphepete, koma akuti salichapa msanga. Wafunsa ngati ndadya. Wanditchulanso mawu aja, kawiri, ngati wakhala akuwanena moyo wake wonse.

Mawa ndikwera minibasi kukasaka kapaipi. Ndikakumana ndi kondakitala wa malasha uja, anene zonse zomwe akufuna.