Zikomo a Nduna, Nsapato Zathu Zinakwera Ndege

Kwa Olemekezeka Nduna Yoona za Malonda ndi Maiko Akunja,

Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ine ndine munthu wamba, wosoka nsapato, ndipo palibe chifukwa choti mundidziwire. Ndayesapo kubwera ku ofesi kwanu kudzathokoza pamaso, koma nthawi zonse mlonda wa pageti amandiuza kuti muli kunja kwa dziko, mukutifunira misika. Ndiye ndati ndilembe m'nyuzipepala, mwina mungaione m'ndege.

Poti muli ndi zambiri m'mutu, ndiloleni ndikukumbutseni mmene zinayambira. Chaka chatha pa shopu yanga panafika bwana wina wa ku unduna wanu, wovala tayi wofiira. Anaima pakhomo atatseka mphuno ndi kampango chifukwa cha fungo la guluu. Anatiuza kuti dziko lathu lalowa mu mgwirizano ndi maiko oyandikana nafe, kuti katundu azidutsa m'malire popanda msonkho, ndipo inuyo mutsogolera gulu la amalonda kukaonetsa zimene manja athu amapanga. Anati shopu yathu yasankhidwa, ine ndipita nawo. Anapempha nsapato zathu zapamwamba zokaonetsa, ndipo masaizi ake anatchula yekha pamtima. Ine ndinachita chidwi kuti boma limadziwa ngakhale kukula kwa mapazi a anthu akunja.

M'shopumo tinalimo atatu: ine, mlamu wanga amene amadula zikopa, ndi a Chigamba, mkulu amene ankasoka ndi malemu bambo anga ndipo ndi amene anandiphunzitsa kugwira singano. Tinaika pambali ntchito za makasitomala athu. A Chigamba anasoka ngati akusokera mwana wawo wa ukwati, ndipo kunsi kwa soli iliyonse anadinda chizindikiro chathu, kachithunzi ka nyundo. Mayi a kunyumba anandikulitsira jekete ya pa ukwati wathu, ine n'kukapangitsa pasipoti.

Choyamba tsono, ndikuthokoza kuti munandipulumutsa ku mantha a ndege. Tsiku la ulendo ndinafika pabwalo la ndege ndi banja lonse, mpaka apongozi anga amene anati sangafe asanaone mkamwini wawo akuuluka. Bwana wa tayi wofiira uja anandikokera pambali, n'kundinong'oneza kuti malo atha, koma makatoni a nsapato okha apezeredwa malo. Ndinaima pagalasi n'kumaona amalonda enieni akukwera: akazi a mabwana, mlembi wanu, wonyamula chikwama cha mlembi wanu, komanso mphwanu, mwana wa mlongo wanu, amene ndinamva kuti kampani yake inabadwa sabata yomweyo ndipo imagulitsa chilichonse chimene chingapezeke. Sindikudandaula ayi. Chibale n'fupa, sichiola. Tinabwerera kunyumba modzera njira za kuseri, ngati tikuchokera kumaliro. Mpaka lero anthu a m'dera lathu amanditchula kuti a Pailoti, udindo umene sindikanaupeza popanda inu.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha nzeru yatsopano yotsatsira malonda. Patapita masiku, nyuzipepala inatulutsa chithunzi chanu mukusaina pangano, nthumwi zanu zitandanda kumbuyo. Ine ndinkayang'ana nkhope yanu yowala, koma a Chigamba, ngakhale maso awo ndi ofooka, ankayang'ana pansi. Analoza ndi chala n'kunena kuti, "Mwana wanga, ulusi uwu ndinaukoka ndine." Zinalidi zathu, bwana, kuyambira zimene munavala inu mpaka za wonyamula chikwama uja, ndipo aliyense zinamukwana bwinobwino. Ife osaphunzira tinkaganiza kuti katundu wokaonetsa amaikidwa patebulo. Chithunzi china chinaonetsa tebulo la dziko lathu pachionetserocho: panali mbendera, maluwa ndi chithunzi chanu. Ndikukhulupirira kuti ofuna kugula chithunzicho analipo ambiri.

Musaganize kuti ndikunyoza, pakuti nzeru imeneyi inabaladi zipatso. Kutsidya kwa malire kuli mayi wina amene ali ndi sitolo ya nsapato. Iyeyu anandifotokozera yekha pafoni kuti anabwera ku hotela kwanu kufuna kukumana ndi amalonda a kwathu kuno, koma anapeza mmodzi yekha wa nthumwi zanu, atagona tulo pampando masana, miyendo atasanjika patebulo. Ndi mmene anaonera kachithunzi ka nyundo kunsi kwa soli. Atamudzutsa n'kumufunsa kumene nsapatozo zimapangidwa, bwanayo anakwiya n'kuyankha kuti iye savala zosokedwa m'misika, zakezo n'zochokera kutsidya kwa nyanja. Mayiyo sanagwe ulesi. Anafunsa madalaivala a mabasi odutsa malire, mpaka kondakitala wina amene amavala nsapato zathu anamupatsa nambala yanga. Ndikupempha kuti bwana wogonayo mumukweze pantchito. Pa gulu lonse lija, ndi yekhayo amene anapezera dziko kasitomala.

Mayiyo anaitanitsa nsapato za ana asukulu, zochuluka kuposa zimene tinasokapo m'moyo mwathu, ndipo anati zifike sukulu zisanatsegulidwe. Tinasoka mpaka zala kutupa. Mlamu wanga anakwera basi ndi makatoni, atavala malaya atsopano, akuimba nyimbo.

Chachitatu ndi chimene mlamuyo wandituma kuti ndikuthokozereni mwapadera, poti iye sangathe kuyankhula nthawi yaitali chifukwa cha chifuwa. Atafika pachipata cha m'malire, ofesala anamulandira mwaulemu. Anamuuza kuti za mgwirizanowo nayenso anazimva pawailesi ngati ife tomwe, ndipo anasangalala nazo kwambiri, koma kuti katunduyo adutse pafunika chidindo cha unduna wanu chotsimikiza kuti nsapatozo zinasokedwadi m'dziko muno. Mlamu anandiimbira foni, ine n'kuthamangira ku likulu lanu. Kumeneko mayi wa pawindo anandiuza kuti chidindo chilipo, chili m'dilowa, koma kiyi ali ndi bwana wa tayi wofiira, ndipo bwanayo ali ndi inu kunja kukasaina pangano lina. Nditabwereranso anati mwafika, koma nonse mwapita ku hotela ina kukakambirana mmene ulendo unayendera. Ulendo wina anati mukukonzekera kunyamukanso. Ndinaphunzira kudekha, bwana, moti maso a nkhono ndawaona kangapo konse.

Nthawi yonseyo mlamu wanga ankagona pamwamba pa makatoni, pakhonde la sitolo ina pafupi ndi chipata, kuopa akuba. Akuti sanasungulumwe. Tsiku lililonse ankaonerera malole ochokera kutsidya akulowa m'dziko muno atadzaza nsapato za pulasitiki, mapepala awo ali ndi zidindo zonse. Zikuoneka kuti anzathu kumeneko ali ndi mabwana aulesi amene amangokhala m'maofesi osayenda. Choncho musamvere onena kuti mgwirizano wanu sukugwira ntchito. Ukugwira ndithu, kungoti uli ngati khomo limene limatsegukira mbali imodzi.

Kenako mvula inayamba. Khonde lija linali lodontha. Makatoni anafewa, zikopa zinachita chuku, ndipo guluu anayamba kusiya. Sukulu zinatsegulidwa. Mayi wa kutsidya uja anandiimbira komaliza, mawu ake opanda mkwiyo, n'kunena kuti, "Bambo, ndakudikirani mokwanira. Ana sangapite kusukulu atavala pangano." Anakagula kwina. Mlamu anabwera kunyumba atawonda, akutsokomola, malaya atsopano aja atasanduka chikolopa. Mlongo wake, amene ndi mkazi wanga, amandiikirabe madzi osamba, koma amatero osandiyang'ana.

Za a Chigamba ndi zimene zandivuta kulemba. Makasitomala akale amene tinawaika pambali aja anali atapita kwa ena, ndipo ntchito yokwanira anthu atatu inalibenso. Ndinazungulirazungulira osadziwa kuti ndiwauza bwanji munthu amene anandinyamulapo ndili khanda. Iwo anaona okha. M'mawa wina anakulunga singano ndi nyundo yawo m'kansalu, n'kunena kuti maso awo atopa, afuna akapume. Sanapite kukapuma. Pano amakhala pakhomo la msika, kugulitsira munthu wina nsapato za pulasitiki zomwe zija. Ndikamadutsa amawerama n'kumakhala ngati akukonza katundu, inenso ndimayang'ana kumbali ngati ndaona wondiitana. Mwawapezera ntchito m'malonda a pakati pa maiko, bwana, pa ukalamba wawo. Walira mvula walira matope.

Dzulo ndamva pawailesi kuti ulendo uja unayenda bwino kwambiri, moti mukukonza wina wopita kutali kuposa pamenepo, ndi gulu lalikulu kuposa lija. Mulungu akutsogolereni.

Pempho langa ndi laling'ono. Pa maiko onse amene mwayendera, latsala limodzi limene nduna sinapondemo chiyambire. Lili kuseri kwa depoti ya mabasi, mukangodutsa ogulitsa matayala akale. Nzika zake ndi akalipentala, owotcherera zitsulo, matelala, opanga sopo ndi ife osoka nsapato. Ndi anthu aulemu, amakonda alendo, ndipo chinenero chawo sichisiyana kwenikweni ndi chanu, ngakhale mungafune womasulira pa mawu ena monga njala ndi lendi. Tumizani nthumwi kumeneko. Ngati malamulo salola kuti mabwana ayende popanda alawansi ya kunja, alandire ndithu, pakuti kwa iwo n'kutali zedi. Tidzasesa msewu, tidzabwereka tebulo ndi mipando, ndipo tidzasaina chilichonse chimene mungabweretse. Mwina tikakhala dziko lachilendo, mudzayamba kutifunafuna ngati mmene mumafunira enawo.

Ndine kapolo wanu wosayenera kumasula zingwe za nsapato zanu, ngakhale ndinazisoka ndine,

Wosoka nsapato.